Mabwana Akapangana Zosalembana Antchito: Dziwani Ufulu Wanu

Kukacha mu mzinda wa Blantyre, anthu ambiri a ku Nkolokosa, Zingwangwa ndi Chitawira amalawirira ku ntchito ku Chichiri, ku Ginnery Corner, m'tauni ndi ku Limbe. Ena amakazinga nkhuku m'malo odyera, ena amalandira ndalama pa kauntala m'masitolo, ena amathira mafuta m'galimoto. Malo ambiri oterewa amakhala ndi dzina la kampani yaikulu pachikwangwani, yunifomu yofanana ndiponso kagwiridwe ka ntchito kamodzi, chonsecho eni ake ndi anthu osiyana. Kampani yaikuluyo imabwereketsa dzina lake, ndipo wamalonda wakuno amaikapo mpamba wake, kulemba antchito ake, n'kumapereka gawo la zomwe wapeza kwa mwini dzinayo. Umu ndi momwe bizinesi ya franchise imayendera. Maina ngati KFC ndi Debonairs Pizza anafalikira m'mayiko ambiri mwa njira imeneyi, ndipo madila a malo omwetsera mafuta amagwira ntchito mofananako.

Njirayi payokha ndi yabwino: imabweretsa ntchito ndi luso. Vuto limayamba pamene mumgwirizano wa mwini dzina ndi wobwereka dzina mwalowa mawu akuti nthambi ina isalembe munthu amene akugwira ntchito ku nthambi inzake, kapena amene wangochokako kumene. Wantchito sanauonepo mgwirizanowo, sanausaine, koma ndi iyeyo amene umamumanga miyendo. Nkhani ino ikufotokoza momwe pangano lotere limapwetekera wantchito, zomwe malamulo a dziko lino akunena, ndi zomwe mungachite likakugwerani.

Pangano limeneli limaoneka bwanji?

Limabwera m'mitundu itatu. Loyamba limati nthambi isanyengerere wantchito wa nthambi ina kuti asamuke. Lachiwiri limapitirira pamenepo: ngakhale wantchitoyo atabwera yekha ndi kalata yofunsira ntchito, asalembedwe mpaka patapita miyezi ingapo chichokereni komwe anali. Lachitatu limati atha kulembedwa pokhapokha bwana wake wakale atalemba kalata yomumasula.

Nthawi zina mawuwa amakhala papepala. Nthawi zinanso mabwana amangouzana pafoni kapena pamsonkhano wawo kuti "tisamatengerane anthu". Ndipo sizichitika m'ma franchise mokha. Eni sukulu zapulaiveti atha kupangana zotere pa aphunzitsi, makampani a alonda pa alonda, eni magalaja pa amakaniko. Wantchito amazindikira mochedwa, pamene intavyu wakhoza bwinobwino koma manijala akumuuza kuti: "Pepani achemwali, takukondani ndithu, koma sitingakulembeni abwana anu asanavomere."

Chifukwa chake limapweteka

Wantchito ali ndi chinthu chimodzi chogulitsa: mphamvu zake ndi luso lake. Mtengo wa lusolo umakwera pamene olemba ntchito akulimbirana. Mlimi wa nandolo amadziwa zomwe zimachitika mavenda onse pamsika akapangana mtengo umodzi: ayende sikelo ndi sikelo, yankho ndi lomwelo, ndipo amagulitsa mogonja. Mabwana akapangana zosalembana antchito, wantchito amakhala ngati mlimi ameneyo.

Kuwawa kwake n'kwakuti luso limene munthu waphunzira pa nthambi ina limagwira ntchito kwambiri pa nthambi inzake ya dzina lomwelo. Akudziwa kale makina, kaphikidwe, kawerengedwe ka katundu ndi malamulo a ukhondo. Kumeneko n'kumene akanalandiridwa ndi manja awiri, mwina n'kukwezedwa kukhala supavaiza. Khomo limenelo likatsekedwa, amatsala ndi njira ziwiri: kukhala pomwepo pa malipiro omwewo, kapena kukayambira pansi pa ntchito yachilendo. Bwana amene akudziwa kuti antchito ake alibe kolowera sakhala ndi chomukakamiza kukweza malipiro, kukonza mashifiti kapena kulipira ovataimu, pamene lendi ya nyumba, mtengo wa ufa ndi wa minibasi zikukwerabe.

Zomwe malamulo a dziko lino akunena

Dziko la Malawi lilibe lamulo lapadera la ma franchise. Komabe wantchito sali pambalambanda, chifukwa pali mizati inayi imene angatsamire.

Mzati woyamba ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene anakhazikitsidwa mu 1994. Malamulowa amapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda, kugwira ntchito ndi kupeza zosowa zake kulikonse m'Malawi muno. Amanenanso kuti wantchito asamalidwe mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera, ndipo amaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Mawu amenewa ali ndi mbiri yake. Makolo athu a ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Blantyre anamva kuwawa kwa thangata, pomwe munthu ankagwira ntchito mokakamizidwa m'maesiteti ngati lendi ya malo okhala, ndipo iyi inali imodzi mwa nkhani zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915. Mu 2021, Nyumba ya Malamulo inathetsanso utenanti m'minda. Pangano la mabwana silifika pa nkhanza za thangata, koma limagunda mfundo yomweyo imene dziko lino linaivutikira: munthu azisankha yekha komwe akagulitse thukuta lake.

Mzati wachiwiri ndi lamulo la ntchito la chaka cha 2000. Lamuloli limalola wantchito kusiya ntchito popereka notisi, ndipo silifuna kuti bwana avomereze. Ngati mumalandira malipiro pamwezi, notisi ndi ya mwezi umodzi. Mukachoka osapereka notisi, mumalipira bwana ndalama zofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo, basi. Ntchito ikatha, zonse zomwe munagwirira ziyenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri. Mukapempha, bwana ayenera kukupatsani kalata yosonyeza dzina la bizinesi, nthawi imene mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu. M'kalatamo saloledwa kulembamo maganizo ake pa kagwiridwe kanu ka ntchito pokhapokha inuyo mutapempha. Kalata imeneyi ndi ufulu wanu, ndipo ndi yosiyana ndi "kalata yomasula" imene mabwana ena amaisandutsa chingwe.

Mzati wachitatu ndi lamulo la mpikisano pa malonda. Loyamba linali la 1998, ndipo latsopano linayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2024. Limayang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amangoti CFTC. Lamuloli limaletsa mapangano a pakati pa mabizinesi amene cholinga chake kapena zotsatira zake n'kutsekereza, kuchepetsa kapena kupotoza mpikisano, monga kupangana mitengo ndi kugawana msika. Mabizinesi sapikisana pa makasitomala okha. Amapikisananso pa antchito aluso. Eni nthambi awiri akapangana zosalembana antchito, agawana msika wa antchito, ndipo ndi chifukwa chake nkhani yotere ndi yoyenera kuitula ku bungweli kuti liifufuze. Lamulo latsopanoli linapatsa CFTC mphamvu zolipiritsa kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zonse zomwe yalowetsa pachaka. Ngati bizinesiyo ikuchitika m'mayiko angapo a m'chigawo chino, palinso bungwe la COMESA loona za mpikisano, limene linayamba ntchito mu 2013 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe.

Mzati wachinayi ndi mfundo yakale imene makhoti athu amatsatira, yochokera ku malamulo a ku England omwe dziko lino linalandira mu 1902. Mfundoyi imati pangano lililonse lotchinga munthu kugwira ntchito yake limayamba laonedwa ngati lopanda mphamvu. Amene akulifuna ndiye ayenera kusonyeza khoti kuti likuteteza chinthu chenicheni, monga chinsinsi cha kapangidwe ka katundu, ndiponso kuti silikupyola muyeso pa nthawi, pa dera ndi pa anthu amene likuwakhudza. Mu 1958 khoti la apilo ku England linaweruza mlandu wa makampani awiri a ku London, Kores ndi Kolok, opanga mapepala a kaboni ndi maliboni a taipi. Iwo anapangana kuti wina asalembe munthu amene anagwirapo ntchito kwa mnzake m'zaka zisanu zapitazo. Khoti linakana panganolo chifukwa linkamanga wantchito aliyense, ngakhale amene sankadziwa chinsinsi chilichonse cha kampani. Zigamulo zotere oweruza athu amaziganizira akamaunika milandu yofanana nazo.

Zomwe mayiko ena anachita

Ku America nkhaniyi inabisala kwa zaka zambiri. Akatswiri awiri a zachuma a pa yunivesite ya Princeton, Alan Krueger ndi Orley Ashenfelter, ataunika migwirizano ya ma franchise akuluakulu ya chaka cha 2016, anapeza kuti 58 mwa 100 iliyonse inali ndi mawu oletsa kulembana antchito. Mu Okutobala chaka chomwecho boma la dzikolo linachenjeza kuti mabwana opangana zotere popanda chifukwa chomveka atha kuimbidwa milandu yaupandu.

M'chigawo cha Washington, mkulu wa zamalamulo wa nthawiyo, Bob Ferguson, anayamba kulondola makampaniwa mu 2018. Mu Julaye chaka chimenecho makampani asanu ndi awiri ogulitsa zakudya, kuphatikizapo McDonald's, Arby's ndi Jimmy John's, anasaina kuti achotsa mawuwo m'migwirizano yawo, ndipo pofika 2020 makampani oposa 200 anali atachita chimodzimodzi. Kuyambira pa 1 Januwale 2020 lamulo la chigawocho limanena mosapita m'mbali kuti mwini dzina saloledwa kuletsa wobwereka dzina kuitana kapena kulemba wantchito wa nthambi ina, ngakhale wa mwini dzinayo.

Dziko la Canada linapita patsogolo: kuyambira pa 23 Juni 2023, mabwana osiyana akapangana malipiro kapena zosalembana antchito, ndi mlandu woti munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 14. Mu Juni 2025 bungwe la European Commission linalipiritsa makampani awiri operekera anthu chakudya kunyumba, Delivery Hero ndi Glovo, chindapusa cha ma euro 329 miliyoni pa milandu imene umodzi mwa iyo unali womwewu. Malamulo a mayiko amenewa sagwira ntchito ku Blantyre, koma akutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, pangano lotere lasiya kuonedwa ngati nkhani yamseri ya mabwana. Chachiwiri, makampani amene analichotsa sanagwe. Nkhuku zikukazingidwabe ndipo masitolo akutsegulabe.

Nkhani zomwe zimachitika kawirikawiri

Nthambi ziwiri, mwini mmodzi. Ngati sitolo ya ku Limbe ndi ya ku Chichiri zonse ndi za munthu mmodzi kapena kampani imodzi, bwana wanu ndi mmodzi. Iye ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana kukusamutsani, malinga ngati sakuchita tsankho la mtundu, chipembedzo, ulumali kapena kuti ndinu mkazi kapena mwamuna. Apa palibe pangano la mabizinesi awiri. Choncho choyamba n'kudziwa amene anakulembani. Yang'anani dzina lomwe lili pa kontirakiti ndi pa peyisilipi yanu, osati la pachikwangwani.

Nthambi ziwiri, eni osiyana. Mwafunsira ntchito ku nthambi ya munthu wina ndipo akukanani ponena kuti pali mgwirizano. Dziwani kuti palibe lamulo lokakamiza bwana kulemba munthu amene sakumufuna. Akakukanani chifukwa apeza wina woposa inu, palibe mlandu. Koma ngati chifukwa chake ndi pangano la mabwana, nkhani yasintha, ndipo dandaulo lanu ndi lomveka.

Bwana wamva kuti mukufunafuna ntchito kwina ndipo wakuchotsani. Lamulo limafuna kuti kuchotsa munthu ntchito kukhale ndi chifukwa chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za bizinesi, ndipo pa nkhani ya luso kapena khalidwe ayambe wamvedwa mbali yake. Kufunsira ntchito kwina pa nthawi yanu yopuma sikusonyeza kuti mwalephera ntchito kapena mwachita zosayenera. Kadandauleni ku ofesi ya leba pasanathe miyezi itatu.

Munasaina nokha kuti simudzagwira ntchito kwa opikisana nawo. Pangano ili ndi la inu ndi bwana wanu, ndipo khoti limaliyeza ndi muyeso uja wa nthawi, dera ndi udindo. Manijala amene amadziwa mitengo yogulira katundu ndi mndandanda wa makasitomala akuluakulu atha kuletsedwa kwa kanthawi kochepa m'dera lodziwika. Koma kuletsa wothira mafuta kapena woperekera zakudya kugwira ntchito yotere mu mzinda wonse kwa zaka n'kovuta kuti bwana akuikire kumbuyo pamaso pa woweruza.

Bwana anakulipirirani maphunziro. Ngati munasaina kuti mudzagwira nthawi yakutiyakuti kapena kubweza gawo la ndalamazo, lemekezani panganolo, bola ndalamazo zikhale zimene zinagwiritsidwadi ntchito. Imeneyi ndi ngongole yoti mukambirane kabwezedwe kake. Siipatsa bwana mphamvu yokutsekerani ntchito kwina.

Likakugwerani, chitani izi

Musasiye ntchito musanalandire kalata ya ntchito yatsopano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumbukiraninso kuti munthu wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama za severance, zomwe zimaperekedwa kwa ochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito kapena ochotsedwa mopanda chilungamo. Koma penshoni yanu, imene bwana amaikapo 10 peresenti ya malipiro ndipo inu 5 peresenti, ndi yanu ndithu ndipo siitayika mukasintha ntchito.

Sungani umboni. Mapangano oterewa amakhala obisika, choncho kachidutswa kalikonse n'kofunika. Musafufute mauthenga a pafoni kapena a pa WhatsApp. Lembani tsiku, malo, udindo wa amene anakuuzani ndi mawu amene ananena. Funsani mwaulemu kuti akulembereni chifukwa chimene akukanirani. Akakana, tumizani uthenga wothokoza chifukwa cha intavyu ndi kubwereza zomwe anakuuzani, kuti pakhale cholembedwa. Sungani kontirakiti yanu. Bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kukupatsani chikalata chofotokoza ntchito yanu pasanathe mwezi chiyambireni. Koma musabe mapepala a kampani pofuna umboni, chifukwa kutero kungasandutse wodandaula kukhala wolakwa.

Funsani anzanu. Ngati anthu atatu kapena anayi anamva yankho lomwelo ku nthambi zosiyana, dandaulo lanu lalemera. Ngati muli m'bungwe la antchito, auzeni atsogoleri anu. Mabungwe ambiri oterewa ali pansi pa Malawi Congress of Trade Unions.

Pitani ku khomo loyenera. Nkhani ya pakati pa inu ndi bwana wanu, monga kukumanani kalata, kugwira malipiro anu kapena kukuchotsani ntchito, imayambira ku ofesi ya leba ya boma la Blantyre. Ikakanika kumeneko imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya ntchito, lomwe lili konkuno ku Blantyre ndipo munthu atha kudziyankhulira yekha. Nkhani ya pangano la pakati pa mabizinesi ilembereni ku CFTC, mofotokoza bwino amene akukhudzidwa, zomwe zinachitika ndi umboni womwe muli nawo. Ngati mukufuna loya koma mulibe ndalama, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi ku Blantyre. Palibe choletsa kugogoda makomo awiri nthawi imodzi, chifukwa lililonse likuona mbali yake.

Mawu kwa eni nthambi

Nkhawa yanu ndi yomveka. Mwaphunzitsa mnyamata kwa miyezi, wayamba kugwira bwino, kenako mnzanu wa tsidya lina wamutenga. Koma pali njira zovomerezeka zotetezera bizinesi yanu: notisi yolembedwa bwino mu kontirakiti, pangano losunga chinsinsi cha kampani, pangano lachilungamo la ndalama za maphunziro, ndipo koposa zonse malipiro abwino, mashifiti oganizira kuti munthu akakwere minibasi kusanade kwambiri, ndi mwayi wokwezedwa. Munthu wosamalidwa sathamangira kuchoka.

Dziwaninso kuti mawu oletsa kulembana antchito amakumangani inu nomwe. Tsiku limene mudzafune manijala wodziwa ntchito, amene ali woyenera kwambiri adzakhala ali ku nthambi ina, ndipo mudzalephera kumulemba. Musanasaine mgwirizano ndi mwini dzina, uwerengeni wonse pamodzi ndi loya. Mukapezamo mawu otere, pemphani kuti achotsedwe, kapena funsani malangizo ku CFTC. Kunena kuti munangosaina zomwe anakupatsani sikuchotsa dzina lanu pa panganolo likadzafufuzidwa.

Udindo wa tonse

Ufulu umenewu uli ndi udindo wake. Wantchito apereke notisi, abweze yunifomu, makiyi ndi katundu wa kampani, asatenge zinsinsi za bwana wakale kupita nazo kwa watsopano. Akatero wakwaniritsa mbali yake, ndipo palibe amene ali ndi mphamvu yomufunsa chilolezo china.

Dziko lathu likufunika lamulo lonena poyera kuti mwini dzina asaletse nthambi zake kulembana antchito, kuti kashiya asachite kufuna loya pofuna kudziwa ngati akuloledwa kusamuka. Aphungu a madera a mu mzinda wa Blantyre, mabungwe a antchito ndi a CFTC atha kuyambitsa zokambiranazo, koma amayamba ndi zomwe zawafika m'manja. Pangano lobisika limakhala ndi mphamvu malinga ngati aliyense wokanidwa akubwerera kunyumba n'kungoti ndi tsoka lake. Mukauzidwa kuti simungalembedwe chifukwa mabwana anapangana, lembani zomwe mwamvazo tsiku lomwelo, funsani anzanu, ndipo kazituleni ku ofesi yoyenera. Dandaulo lanu lingatsegule khomo limene latsekera anthu ambiri amene simukuwadziwa n'komwe.